Mayina a ozunzidwa alembedwe m'midzi mwathu

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene ambiri kuno amaiyesa ya azungu okhaokha. Pa 27 January chaka chilichonse, mayiko amakumbukira Ayuda pafupifupi 6 miliyoni amene anaphedwa ndi boma la Nazi la ku Germany. Bungwe la United Nations linakhazikitsa tsikuli mu 2005, popeza ndi tsiku limene asilikali a Soviet Union anapulumutsa akaidi otsala pa msasa wa Auschwitz ku Poland mu 1945.

Chondikoka mtima ndi zimene anthu wamba a ku Ulaya amachita osadikira boma. M'zaka za m'ma 1990, mmisiri wina wa ku Germany, Gunter Demnig, anayamba kukhazika timiyala tokutidwa ndi mkuwa m'njira, pakhomo pa nyumba zimene ozunzidwawo ankakhala asanatengedwe. Pa kamwala kalikonse pamalembedwa dzina la munthu mmodzi, chaka chimene anabadwa, nthawi imene anamugwira ndi kumene anakathera. Lero timiyala timeneti tapitirira 100,000 m'mayiko a ku Ulaya, ndipo kawirikawiri ofufuza mbiri ya munthuyo, osonkha ndalama ndi opukuta kamwalako kakada amakhala anthu a mumsewu womwewo, abale ake kapena ana asukulu.

Anazi sanaphe Ayuda okha. Anaphanso olumala ndi anthu a mtundu wa Roma (amene ena amawatcha Gypsy), ndipo a Mboni za Yehova anawatsekera m'misasa atawasokera kansalu kofiirira pamalaya. Apa ndi pamene nkhaniyi imalowa m'nyumba mwathu. Boma lathu linaletsa Mboni za Yehova mu 1967 chifukwa chokana kugula khadi la chipani, ndipo mu 1972 anthu masauzande anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, nyumba zawo zikutenthedwa, mpaka chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Ine si wa mpingo umenewu, koma ndikudziwa kuti owamenyawo ambiri sanali alendo. Anali ana a m'mudzi momwemo, odziwa ngakhale pamene panali nkhokwe ya wozunzidwayo.

Mtima umenewo sunathe. Mwana wachialubino akamadutsa pamsika, ena amamuitanabe kuti napweri kapena kunong'onezana kuti ndalama zikudutsa, pamene kuyambira 2014 abale athu amenewa akhala akubedwa, kuphedwa ndi kufukulidwa m'manda. Agogo amagendedwa pamaliro atatchulidwa kuti ndi mfiti, ngakhale lamulo la mu 1911 limaletsa kunamizira munthu ufiti. Ku Germany nakonso zinayamba ndi mayina onyoza ndi malamulo osankhana monga a mu 1935, zipinda zopheramo anthu ndi mpweya wa poizoni zisanamangidwe.

Pempho langa likupita kwa mafumu, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mkuwa sitingaukwanitse, koma kope ndi cholembera tili nazo. Ana a sekondale akhale pansi ndi akuluakulu, alembe mayina a amene anathamangitsidwa kapena kuphedwa chifukwa cha chikhulupiriro, khungu kapena ukalamba, mabanja awo atavomereza, ndipo mayinawo aziwerengedwa pabwalo la mfumu kamodzi pachaka.

Ena anena kuti ndikukanda chilonda chimene chinapola. Chinapola kwa amene anagwira chibonga, osati kwa amene anathawa usiku mwana ali kumbuyo. Amene anathawa mu 1972 ali akuluakulu, lero apitirira zaka 70, choncho ntchitoyi iyambe iwo akadali moyo.

Wowerenga wanu,
Dedza