Galamala yokha siyingapambanitse ana athu mayeso a Chingerezi

Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi aphunzitsi komanso makolo a kuno ku Ntcheu za momwe tikukonzekeretsera ana athu mayeso a Chingerezi a MSCE.

Aliyense amene anafikapo Fomu 4 akudziwa kuti satifiketi imagona pa Chingerezi. Bungwe loyendetsa mayeso la MANEB silipereka satifiketi kwa wophunzira amene wapeza 9 pa phunziroli, ngakhale atapeza 1 pa masamu ndi pa ulimi, ndipo wofuna malo ku yunivesite ya boma ayenera kukhala ndi makirediti 6, limodzi mwa iwo likhale la Chingerezi. N'zomveka tsono kuti teremu yomaliza ikafika, aphunzitsi ndi ophunzira amathamangira mapamfuleti ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti m'sukulu zambiri za sekondale zoyendera za m'madera (CDSS) kukonzekera konse kumathera pomwepo.

Mphunzitsi amalemba pabolodi ziganizo zokhala ndi mipata, ophunzira n'kumasankha yankho pakati pa A, B, C ndi D, ndipo kalasi yonse imayankhira pamodzi mokweza mawu. Ntchito imeneyi ndi yofunika, pakuti aperekezi ndi nthawi za aneni m'Chingerezi sizilowa m'mutu popanda kubwerezabwereza. Koma mwana yemweyo amene wakhoza mafunso onse a pabolodi, mukamupatsa pepala kuti alembe kalata kapena lipoti, amayamba ndime ndi nthawi yakale, pakati n'kulumphira ku nthawi yatsopano, osazindikira n'komwe. Mukamupatsa nkhani kuti aifupikitse, amangokopera ziganizo zathunthu chifukwa alibe mawu akeake onenera zimene wawerenga. Lamulo analoweza, koma sanalionepo likugwira ntchito m'nkhani yeniyeni.

Vutoli si la nzeru za ana. Mwana wa ku Tsangano kapena ku Kasinje amamva Chingerezi m'kalasi mokha, akatuluka amabwerera ku Chichewa mpaka mawa lake. Sukulu zambiri zilibe laibulale, ndipo kwina kumene mabuku alipo amatsekeredwa m'makatoni kuopa kuti angang'ambike kapena kubedwa. Ngakhale mabuku a litiricha amene amafunsidwa pa mayeso, ophunzira ena amangoloweza manotsi ake osawerengapo bukulo mpaka kumapeto.

Ndikupempha aphunzitsi a Chingerezi kuti akhazikitse timagulu ta ophunzira asanu kapena asanu ndi mmodzi, tokumana masana kawiri pa sabata kuti tiwerenge ndi kukambirana. Sipafunika ndalama zambiri. Tsamba limodzi la nyuzipepala yakale, yomwe ija timakulungira katundu pamsika wa Lizulu, likhoza kukwanira tsiku lonse. Mmodzi awerenge mokweza, anzake amufunse kuti m'nkhanimo ndani wachita chiyani, chifukwa chake n'chiyani, ndiponso ngati akugwirizana ndi wolembayo. Kenako aliyense alembe chifupikitso m'mawu ake, asinthane makope. Galamala ichokere m'nkhani yomweyo: adule mizere kunsi kwa aneni onse, asinthe ndime imodzi kuti ikhale m'nthawi yakale, atembenuze mawu amene munthu anayankhula kuti akhale ofotokozedwa ndi wina. Akatero ndiye atenge pepala la mayeso akale, ndipo adzaona kuti zimene likufunsa akumana nazo kale.

Palinso chizolowezi chimene ndikufuna tichiunikenso, cholanga ophunzira ndi kutchetcha udzu kapena kukolopa akamveka akuyankhula Chichewa pasukulu. Cholinga chake n'chabwino, koma chimene chimachitika n'chakuti ana amanyazi amangokhala chete tsiku lonse, ndipo mwana wosatsegula pakamwa sangaphunzire chiyankhulo. M'timagulu timeneti wophunzira aloledwe kufotokoza kaye ganizo lake m'Chichewa pamene Chingerezi chamuthera, kenako anzake amuthandize kulinena m'Chingerezi, popanda womuseka.

Makolo nafenso tili ndi mbali yathu. Tsiku la msika kapena nthawi yokumba mbatatesi timatenga ana kusukulu ngati kuti tsiku limodzi si kanthu, ndipo madzulo mtsikana amatha nthawi yonse pamoto pamene mlongo wake ali ndi buku. Timupatse mwana aliyense ola limodzi ndi nyali, ngakhale ife eni Chingerezicho sitichimva.

Popeza mayeso a JCE, a Fomu 2, anabwezeretsedwa, palibe chifukwa chodikira Fomu 4. Ndikupempha aphunzitsi akuluakulu pamodzi ndi makomiti a makolo kuti atulutse mabuku m'makatoni, alembe kaundula wobwereketsa, ndipo timagulu timeneti tiyambe ndi ophunzira a Fomu 1 teremu ikubwerayi.

Kholo lokhudzidwa,
Lizulu, Ntcheu