Kwa mwana wanga amene akumutchula woumira

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti iwe, apongozi anga ndi adzukulu anga muli bwino kumeneko ku Nchalo. Kuno ku Bangula tadzuka bwino, ngakhale dzuwa la Okutobala latifooketsa monga mwa nthawi zonse.

Mlongo wako wandiuza kuti zimene abale akulankhula zakusowetsa mtendere. Akuti ngakhale umalandira malipiro mwezi ndi mwezi, m'nyumba mwako muli mipando yowerengeka, mphasa ndi wailesi basi. Akuti unakana ngongole ya sofa ndi wailesi yakanema yaikulu imene anzako a kuntchito anatenga. Akutinso pa ukwati wa msuweni wako unangoponya pang'ono pa perekaniperekani n'kukakhala pansi. Ndakulembera kuti usasiye moyo umenewu chifukwa cha pakamwa pa anthu, komanso kuti ndikuonetse pamene mawu awowo angasanduke oona ukapanda kusamala.

Ife obadwira m'chigwa chino tiyenera kudziwa kuposa anzathu a kumtunda kuti katundu wa m'nyumba sakhalitsa. Mu Januwale 2015, Shire ndi Ruo atasefukira, anthu a ku Makhanga anapulumutsidwa pa mabwato ndi pa ndege ali ndi zovala za m'thupi zokha. Madzi anabweranso ndi namondwe wa Idai mu Malichi 2019, kenako namondwe wa Ana mu Januwale 2022, uja anaononga damu la magetsi la Kapichira n'kuchititsa kuti magetsi azizimazima m'dziko muno kwa miyezi yambiri, ndipo Freddy anatsatira mu Malichi 2023. M'misasa ya anthu othawa madzi ndinaona ndi maso anga kuti amene ankalira kwambiri sanali amene anali ndi zochepa, koma amene anagula katundu pa ngongole, chifukwa madzi anatenga mipando ndi matiresi koma ngongole anaisiya, ndipo wa katapila sankafuna kumva za chigumula. Amene anadzuka msanga anali aja anali ndi kandalama m'foni, mbuzi zimene anathamangitsira kumtunda nthawi ikadalipo, ndi mbewu yokabzala kudimba madzi ataphwera. Choncho ukamayang'ana pabalaza pako n'kuona malo opanda kanthu, usachite manyazi.

Komatu usaganize kuti nzeru ndi kungounjika ndalama. Unaona wekha mu Novembala 2023 kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mmene ndalama zimene munthu anasunga chaka chonse zinalepherera kugula zimene ankayembekeza. Zimene ukupulumutsa pokana katundu wosafunika uzizipatsa ntchito. Lipiriratu sukulu ya ana, onjezera mbuzi ziwiri zija zili m'khola kuno, gula mapira ndi chimanga nthawi yokolola mitengo isanakwere, ndipo koposa zonse funafuna malo pamtunda pamene madzi safika, ngakhale utayamba ndi chipinda chimodzi cha njerwa zootcha. Zinthu zochepa zimene uli nazo zikhale zolimba: njinga yabwino, maneti a udzudzu okwanira aliyense, nyali ya sola, ndi mapepala ofunika osungidwa m'pulasitiki pamalo amodzi odziwika kwa onse a m'nyumba.

Tsopano ndifike pamene mtima wanga uli. Kudzimana wekha ndi ufulu wako, koma kumana mnzako amene ali pamavuto ndi chinthu china, ndipo anthu akamakuweruza amasakaniza ziwirizi. Iwe usazisakanize. Perekaniperekani ndi chisangalalo, ndipo palibe anamwalira chifukwa choti unavina kamodzi m'malo movina kasanu. Koma uthenga wa maliro ukafika, pita, ukagone kusiwa, upereke chipepeso ndi ufa mosawerengera. Wachibale akagonekedwa m'chipatala, ndalama ya ulendo ndi ya chakudya cha womudikirira ituluke usanapemphedwe kawiri. Mlendo akafika nthawi ya nsima, adye ndiwo zimene ziliko ndipo akhute, ngakhale atakhala pamphasa. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene ena kuno amafika pokazula nyika m'madambo momwe muli ng'ona, thumba limodzi mwa matumba ako likhale la azakhali ako amasiye aja. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo m'chigwa muno amene amadzakutulutsa m'madzi pa bwato lake ndi mnansi wako. Ngati kukhala ndi zochepa sikukupatsa mphamvu yothandiza pa nthawi ngati zimenezi, ndiye kuti amene akukunenawo alondola, ndipo ine sindidzakuikira kumbuyo.

Palinso nkhani ya apongozi anga. Mawu a anthu amagwera iwo kwambiri kuposa iwe, chifukwa ndiwo amakumana ndi amayi anzawo kumjigo, kumsika ndi kutchalitchi, ndipo ndiwo amalandira alendo m'nyumba imeneyo. Usawalamule moyo umenewu ngati lamulo lochokera kwa iwe wekha. Khalani pansi awiri, uwaonetse malipiro ako onse ndi kumene ndalama iliyonse ikupita, ndipo akanena kuti akufuna mapoto atsopano, chitenje cha bungwe la amayi kapena mpamba wa geni, umve ndipo ugule. Ana asasowe nsapato, makope, dzira ndi nsomba chifukwa bambo awo akusunga. Kuchepetsa katundu n'kwabwino, koma kuchepetsa chakudya cha mwana amene akukula sindingakuvomereze.

Amene akukunena usakangane nawo, ndipo usawanyoze chifukwa cha zimene iwo amagula, pakuti aliyense amadziwa za m'nyumba mwake. Wokupempha ndalama ya chinthu chimene sukugwirizana nacho umuyankhe mwaulemu ndi mosabisa kuti sungathe, osamulonjeza za mawa zimene sudzachita, chifukwa bodza lotere ndi limene limakwiyitsa anthu kuposa kukana. Amalume ako a ku Ngabu ndi amene akhumudwa kwambiri. Upite ukawaone iwe mwini, uwatengere shuga ndi sopo, ndipo uwafotokozere za malo amene ukufuna kugula kuti akuthandize kufunsa kwa amfumu. Denga la azakhali ako likufunika malata anayi mvula isanayambe, ndiye pobwera kumapeto a mwezi uno ubwere ndi misomali.

Upereke moni kwa apongozi anga ndi kwa ana.

Ndine mayi ako.