Za khoma la pabalaza ndi poto wopanda nyama

Mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino, kupatula bondo la abambo ako limene limawakumbutsa zaka zawo kukangozizira. Zithunzi za nyumba yatsopano ndaziona, ndipo ndaziyang'ana kangapo konse. Pa foni paja unandifunsa za penti ndi za ndiwo, ine n'kungoti tidzakambirana. Sikuti ndinalibe mawu. Ndinamva kukhosomola kwa mkamwini wanga chapafupi, ndiye ndinaona kuti ndikayankha pomwepo ndikhala ngati ndagamula mlandu wa m'banja mwanu. Papepala pano ndilankhula momasuka, ndipo ukafuna uwawerengere.

Iwe ukufuna chikasu chakupsa pabalaza ponse. Amuna ako akufuna kirimu kuyambira pakhomo mpaka kubafa. Ndisanakuuze mbali imene ndili, imva zimene ndinadzichita ndekha usanabadwe.

M'nyumba yathu yoyamba ndinasankha penti wobiriwira. Ndinamusankha pa kakhadi kakang'ono ngati bokosi la machesi, ndipo pa kakhadipo anali wokongola ngati tsamba lanthete. Tinapaka makoma onse anayi Loweruka limodzi. Kutacha, ndinalowa pabalaza n'kuima chilili. Chobiriwira chija chinali chitakula mphamvu, chikuthobwa m'maso, ndipo aliyense wokhala pampando nkhope yake inkaoneka ngati wangodzuka kumene pa malungo. Abambo ako sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Kodi amayi, tizilowa ndi chikwanje?" Ndalama yogulira penti wina panalibe, choncho tinakhala m'thengo limenelo zaka zitatu. Pomwe tinkadzafafaniza, anapaka woyera katatu konse chobiriwiracho chikusuzumirabe pansi.

Penti analibe mlandu. Mtundu ukakhala pamalo aakulu umaoneka wamphamvu kuposa pa kakhadi, ndipo makoma oyang'anizana amaponyerana kuwala, lililonse n'kumawonjezera mtundu pa linzake. Ndiye chikasu chimene chakusangalatsa m'sitolo, m'chipinda chikakhala chachiwiri kwa dzuwa. Usagule chidebe chachikulu msanga. Gula kachitini kakang'ono, upake kawiri pa katoni yaikulu ngati theka la chitseko, udikire iume, chifukwa penti wauwisi ndi wouma safanana. Katoniyo uziiyendetsa m'chipindamo masiku atatu: pafupi ndi zenera, pakona pamdima, kuseri kwa sofa. Uiyang'ane m'mawa, masana ndi usiku magetsi atayaka. Zenera loyang'ana kum'mawa limalowetsa dzuwa m'mawa mokha, madzulo chipinda chimazilala. Loyang'ana kumadzulo limathira kuwala kofiirira dzuwa likapendeka, ndipo chikasu chako pa nthawi imeneyo chidzayaka ngati moto. Uonenso mababu. Pa bokosi lake pamalembedwa nambala yothera ndi K. La 2700K limawala mwachikasu, la 6500K limawala moyera mopita kubuluu, ndipo kirimu yemweyo amaoneka wofunda pansi pa loyambalo koma wotuwa ngati phulusa pansi pa linalo.

Pa zaka zonse zimene ndasoka makatani, dandaulo limene ndalimva kwambiri ndi lakuti, "Nsalu iyi si imene ndinasankha." Nsalu imakhala yomweyo, chasintha n'chimene yayandikana nacho. Ndinadzawerenga kuti vutoli ndi lakalekale. Ku Paris, pa fakitale yoluka nsalu zapakhoma ya Gobelins, ankadandaula kuti ulusi wakuda sukuda bwino. Katswiri wawo wa utoto, Michel Eugène Chevreul, ataufufuza anapeza kuti ulusiwo unalibe vuto. Maso a munthu ndiwo amasintha mtundu malinga ndi umene uli pambali pake, ndipo zimenezi anazisindikiza mu 1839. Tenga kansalu kotuwa, uike pa nsalu yofiira, kadzaoneka kobiriwirirako. Ukaike pa yabuluu, kadzapendekera kuchikasu. N'chifukwa chake sungasankhe khoma osayang'ana pansi, sofa ndi matabwa a zitseko zimene zilimo kale. Pa zithunzi zako ndaona kuti matailosi ndi ofiirira. Amenewo sachoka, ndiye ndiwo ayambe kulankhula.

Tsono mbali yanga ndi iyi. Pa makoma aakulu ndili ndi amuna ako, koma asasangalale msanga. Chinthu chovuta kusintha, monga khoma, matailosi ndi sofa, chikhale cha mtundu wofatsa, chifukwa udzakhala nacho zaka zambiri ndipo mtima wa munthu umasintha msanga kuposa thumba lake. Koma nyumba ya kirimu yekhayekha, makatani kirimu, kapeti kirimu, mapilo kirimu, imakhala ngati chipinda chodikiramo dokotala. Ndalowamo m'nyumba zotero. Umakhala kumapeto kwa mpando, kuopa kusiya chizindikiro. Akatswiri okongoletsa nyumba ali ndi kagawidwe kawo ka 60, 30 ndi 10: gawo lalikulu mtundu wofatsa, lachiwiri mtundu wothandizira, kagawo kotsala mtundu wowala. Ine sindinayezepo ndi tepi, koma maso amavomereza. Chikasu chako chipatse malo amene chingaonekere bwino: makatani, mapilo awiri atatu, chithunzi chachikulu, mwina khoma limodzi lokha la kumene mumadyera. Chikazunguliridwa ndi zofatsa chimawala kuposa chikadzaza paliponse, ndipo tsiku limene udzatope nacho udzangochotsa nsalu, osaitana wopenta.

Uchenjere ndi mitundu yofatsayo, nayonso ili ndi mfuno zake. Pali kirimu wopita kuchikasu, pali wopita kupinki, pali wotuwa wopita kubuluu. Ukaika pepala loyera pambali pake m'pamene umaona kumene wapendekera. Awiri opendekera kosiyana akakumana, chipinda chimaoneka chakuda ngakhale wakolopa. Ndipo chipinda chofatsa chimafuna zinthu zosiyana pozikhudza, thabwa, nsalu yokhakhala, dengu, chomera chamoyo pakona, apo ayi chimagona tulo.

Zina ndingozitchula mothamanga. Kukhitchini ndi m'njira yopita kuzipinda upake penti wonyezimirako amene amapukutika, poti mdzukulu wanga manja ake ndikuwadziwa. Nsalu yofiira pa zenera la dzuwa imasuluka msanga, uiikire ina yoyera kumbuyo. Ngati pena aika pulasitala watsopano, apatseni milungu inayi aume musanapake. Chimodzi chokha usachitenge mopepuka: nyumbayo ndi yatsopano kwa inu koma inamangidwa kale, ndipo penti wakale wina ali ndi mtovu. Ku America anauletsa mu penti wa m'nyumba mu 1978, koma maiko ambiri anachedwa kuposa pamenepo. Fumbi lake limawononga ubongo wa mwana. Musapale khoma louma mwana ali m'nyumba, nyowetsani kaye, ndipo mukolope bwinobwino mukamaliza.

Tibwere kukhitchini. Nditawauza abambo ako kuti kwanu mwaleka nyama, anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati kuli matenda kapena ngongole. Ndawatsimikizira kuti mwangosankha. Ine sindikutsutsa. Chimene chandidetsa nkhawa ndi mawu ako akuti chakudya chikumveka ngati chasowa mwini. Ndikudziwa chimene chikuchitika: ukuphika monga kale, n'kungochotsamo nyama, ndiye pamene panali nyamapo patsala dzenje.

Nyama inkakugwirira ntchito imene sunkaiona. Ikapsa mofiirira pansi pa poto, msuzi wonse unkatengera pomwepo. Tsopano ntchito imeneyo ndi ya anyezi, ndipo anyezi safuna munthu wothamanga. Iwe umamutembenuza kawiri n'kuthira matimati akadali woyera. Mudule wambiri, awiri kapena atatu, moto ukhale wapakati, kamchere pang'ono, uzitakasa mphindi 15 kapena 20 mpaka afewe, achepe, asanduke wofiirira ngati uchi. Fungo likasintha kuchoka loluma m'maso kufika lotsekemera, m'pamene uthire adyo ndi zokometsera, zikazingike m'mafuta kamphindi, kenako matimati. Matimatiwo uwasiye aphwere mpaka mafuta ayambe kuonekera m'mbali. Kukoma kuja kumene timati n'kwa nyama kuli ndi dzina, umami. Anakufotokoza Kikunae Ikeda wa ku Tokyo mu 1908, ndipo kumapezekanso m'matimati akupsa, mu bowa ndi mu tchizi chokhalitsa. Bowa umukazinge pa chiwaya chotentha, pang'onopang'ono osadzaza, kuti afiire. Ukamuunjika amangotulutsa madzi n'kuwira.

Za nyengo, lamulo langa ndi laulesi: ndimapita kukagula ndisanaganize chophika. Chimene chadzaza paliponse sabata imeneyo ndicho chili pa nyengo yake, chakhwimira kumunda, n'chotsika mtengo, ndipo sichifuna luso lambiri. Tomato wa nyengo yake umangomudula n'kuwaza mchere. Wokakamiza amathyoledwa wosapsa kuti apirire ulendo, ndipo ngakhale afiire kunja, m'kati ndi madzi okhaokha. Kukatentha, phika zopepuka ndi zachangu: mabiringano owotcha mpaka khungu lipserere, nkhaka, tsabola wobiriwira, nyemba zozizira zothira mandimu ndi anyezi wamuwisi. Kukazizira, yatsa uvuni. Dzungu, karoti ndi mbatata uzidule zazikuluzikulu, uzipake mafuta ndi mchere, uziyale motalikirana, zipse mpaka m'mphepete mude pang'ono, poti shuga wake amatulukira pamenepo. Mafutawo si okometsera chabe, amathandiza thupi kutenga vitamini A kuchokera ku zachikasuzo. Nthawi ya mvula masamba amachuluka, idyani tsiku lililonse osawawerengera. Bowa wam'tchire yekha, ngati sukumudziwa bwino, musiye komweko. Wina wakupha amafanana kwambiri ndi wodyedwa, ndipo kuphika sikuchotsa poizoni wake.

Nyemba ndizo zikhale msana wa khitchini yako, pamodzi ndi nsawawa, mphodza ndi soya. Zikadyedwa ndi mpunga, buledi kapena chimanga, chimene chikusowa mu china chimapezeka mu chinzake, ndipo sizichita kufuna mbale imodzi, tsiku lomwelo n'lokwanira. Uziviike usiku wonse, utaye madziwo, uthire ena. Nyemba zofiira zikuluzikulu zija ziwire mwamphamvu mphindi zosachepera 10 usanachepetse moto, chifukwa zosapsa bwino zimatsegula m'mimba ndi kusanzitsa. Matimati ndi mandimu uzithira nyemba zitafewa kale. Zowawasa zikalowa msanga khungu limauma, ndipo udzatha gasi wonse zikadali gwa. Ukaphika, phika zambiri, ugawe m'timabokosi usunge mufiriji. Lachitatu madzulo, utatopa, udzandithokoza.

Pali ziwiri zimene ndikufuna uzisamale, makamaka iweyo monga mayi. Choyamba ndi ayironi. Wa m'masamba ndi nyemba thupi limamutenga movutikira kuposa wa m'nyama. Vitamini C amathandiza, ndiye finyira ndimu pa ndiwo kapena udye lalanje pambuyo pake. Tiyi ndi khofi zimatsekereza, choncho chizolowezi chako chomwera tiyi pa chakudya uchisiye, udikire ola lathunthu. Chachiwiri ndi vitamini B12. Ameneyu m'masamba mulibe. Munthu wamkulu amafunika pafupifupi mamaikulogalamu 2.4 patsiku, kochepa kwambiri, koma akasowa nthawi yaitali magazi amachepa ndipo mitsempha imawonongeka, manja ndi mapazi kumachita dzanzi. Ngati mukudya mazira ndi mkaka, muli pabwino. Mukadzasiya zimenezonso, mapiritsi ake ndi ofunika, ndipo za mwana ukafunse kuchipatala, usangomva za anzako.

Masamba obiriwira usawaphe. Moto waukulu, madzi ochepa, mphindi zochepa, uwaphule akadali obiriwira. Akafika potuwa ndiye kuti wachedwa. Soda amasunga mtundu koma amawononga mavitamini ndi kufewetsa masamba mpaka phala, ine ndinamuleka kalekale. Ndimu uthire pomaliza penipeni, poti akakhalitsa pamoto ndi masamba amawasandutsa akhaki. Ndipo ukafuna kuti mdzukulu wanga adye kabichi, gula wofiirira uja, uwiritse tsamba limodzi, madzi ake uwagawe m'matambula awiri. Mu ina afinyiremo ndimu yekha aone akusanduka pinki, mu inayo kasoda pang'ono aone akupita kubuluu. Iwe unadya kabichi koyamba tsiku limene ndinakuonetsa zimenezi, ngakhale sukumbuka.

M'kabati muno muli nsalu yachikasu mamita asanu ndi limodzi imene ndinaisunga osadziwa kuti ndikusungira ndani. Ndi chikasu cha dzungu lakupsa, osati cha ndimu, ndipo ndikuganiza kuti chigwirizana ndi matailosi ako. Ndakuikira kachidutswa m'kalata muno, ukakaike pansi pafupi ndi zenera ukaone. Chikakukomera, unditumizire muyezo wa mazenera awiri a pabalaza, m'lifupi ndi m'litali, kuyambira pa ndodo ya katani osati pa felemu. Uyeze kawiri. Abambo ako akuti upereke moni kwa apongozi awo, ndipo akufunsa ngati akadzabwera kudzacheza adzaloledwe kulowa ndi kankhuku kawo.

Ndine,
Mayi ako