Lipoti la ulendo wa ku Lilongwe pa nkhani ya lamba wa timing

A Wapampando, a komiti ndi amakaniko anzanga nonse a muno mu Mzuzu, ndabwerako ku msonkhano womwe munandituma. Ndiyambe ndi ndalama, poti ndamva kale kuti ku Chibavi ena akuti ndinapita kukadya nkhuku. Malisiti a basi ndi a malo ogona ali kwa msungichuma, wofuna akaone.

Tsiku loyamba linathera pa malankhulidwe a akuluakulu ndi za kulembetsa bizinesi. Mwachidule, akuti tilembetse.

Chomwe ndalama yanu yagula chinali pa tsiku lachiwiri. Anabweretsa injini ya 3L, yomwe ija ya mu Hiace, n'kusankha anthu asanu kuti aliyense aike lamba wa timing, yemwe amalumikiza crankshaft ndi camshaft kuti mavalavu azitseguka pa nthawi yake. Ine ndinali mmodzi mwa iwo. Ndinachita monga timachitira ku Luwinga: kukankha tensioner, kachipangizo kothinitsa lamba, ndi chitsulo mpaka lamba ati gwa, kumudina ndi chala, n'kumanga. Mphunzitsi anatulutsa kachipangizo kokhala ndi maikolofoni, anakodola lamba ngati nsambo ya gitala, kachipangizoko n'kuwerenga kunjenjemera kwake. Wanga anali wothina mopyola. Manyazi anandigwira, zaka zonsezi ndili pa sipanala!

Nkhani ndi yakuti tensioner ya injini imeneyi ili ndi sipuling'i yake, ndipo mphamvu ya sipuling'iyo ndiyo muyeso. Ukalowetsa lamba umamasula bawuti ya tensioner, sipuling'i ikankhe yokha. Kenako uzungulitse crankshaft ndi dzanja kawiri kathunthu, kulowera komwe injini imazungulira, chifukwa camshaft imazungulira kamodzi crankshaft ikazungulira kawiri. Ukatero uonenso zizindikiro zonse zitatu, cha crankshaft, cha camshaft ndi cha pampu ya dizilo. Zikagwirizana, m'pamene umange bawuti ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira. Lamba wothina amalira ngati mluzu ndipo amadya mabering'i. Wolendewera amalumpha dzino. Pa dizilo, lamba akaduka kapena kulumpha kwambiri, mapisitoni amagunda mavalavu, ndiye ntchito ya tsiku limodzi yasanduka yotsitsa hedi. Ganizirani zimenezo zikuchitika minibasi ikukwera Chiweta itadzaza anthu ndi matumba a mpunga.

Anatichenjezanso kuti lamba sapindidwa, salowetsedwa ndi sikuludiraiva, ndipo ngati silo ya camshaft kapena ya crankshaft ikudontha oyilo, usinthe kaye siloyo chifukwa oyilo amafoola labala. Pa injini zina, tensioner imakhala ya hydraulic; imeneyo imafinyidwa pang'onopang'ono pa vaisi, kutsekedwa ndi kapini, ndipo kapiniko kamazulidwa lamba atakhala kale.

Apa ndinene ndekha. Nyale ija ya T-BELT yomwe imayaka Hiace ikakwanitsa makilomita 100,000, alipo pakati pathu amene amangoizimitsa mwini galimoto akadandaula za mtengo. Injini ikafa, mbiri imaipa ya tonse. Komanso magalimoto olowera pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam, ena makilomita awo anabwezedwa m'mbuyo, ndiye tisamakhulupirire wotchi yokha. Tiyang'ane sitika ya ku Japan pa chivundikiro, ngati palibe titsegule tione. Anyamata a Sienta tiwauze zoona: injini yawo ya 1NZ ili ndi tcheni, tisawalipiritse lamba yemwe kulibe.

Mfundo zomwe tinamanga ndi ziwiri. Yoyamba, aliyense akasintha lamba azimata sitika yolemba tsiku ndi makilomita. Ndinakweza dzanja. Yachiwiri akuti mtsogolo muno ntchito ya timing izigwiridwa ndi okhala ndi setifiketi okha. Inadutsa, koma ine ndinakana. Amene anatiphunzitsa ambirife, madala a ku Zolozolo ndi ku Mchengautuwa, alibe pepala, ndipo amamva timing yolakwika ndi khutu galimoto isanalowe pageti. Awaphunzitse kagwiritsidwe ka zida zatsopano, osati kuwalanda nsima.

Za zida zomwezo: kachipangizo ka maikolofoni n'kodula, galaja imodzi singakwanitse, koma gulu likhoza. Kungoti ndikuopa kunena kuti tisonkhe, chifukwa torque wrench yomwe tinasonkherana chaka chatha ili kuti? Inatuluka mwezi wa Epulo, m'buku simunalembedwe dzina, ndipo nditafunsa pa msonkhano wapita ndinauzidwa kuti si nkhani ya pa ajenda. A Wapampando, tsopano yalowa pa ajenda.

Loweruka lino 9 koloko m'mawa ndidzakhala pa galaja yanga ndi injini ya 3L yomwe ili pansi, kuti aliyense aike lamba ndi manja ake monga tinachitira kuja. Bwerani ndi anyamata anu ophunzira ntchito. Amene akusunga torque wrench abwere nayo, sindidzafunsa komwe inali.