Kalata kwa Nduna ya Zamaphunziro: mbiri ya Mayi Rose Chibambo iphunzitsidwe yonse

Olemekezeka a Nduna,

Ndikupempha kuti mbiri ya Mayi Rose Chibambo iphunzitsidwe m'sukulu zathu, ndipo iphunzitsidwe yonse, yosadula.

Nkhope yawo ili pa ndalama ya K200 kuyambira 2012, koma ana ambiri amene timawatuma tomato ndi ndalamayo sangakuuzeni chimene mayiwa anachita. Mu 1952, ali ku Zomba, anasonkhanitsa amayi anzawo kuti akane Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, nthawi imene ndale zinkatengedwa ngati za amuna okhaokha. Pa 3 Malichi 1959, pamene Bwanamkubwa Robert Armitage analamula kuti atsogoleri a chipani cha Nyasaland African Congress amangidwe, Mayi Chibambo anali oyembekezera. Atsamunda anangodikira kuti achire, kenako n'kuwatengera kundende ya Zomba khanda lili m'manja. Anakhala m'menemo pafupifupi chaka.

Gawo limeneli silivuta kuphunzitsa, poti wolakwa ndi mtsamunda. Limene timalizemba ndi lotsatira. Mu Seputembala 1964, ufulu usanathe n'komwe miyezi itatu, Dr Kamuzu Banda anawachotsa paudindo wawo m'boma pamodzi ndi nduna zimene zinamutsutsa. Mayi amene anagonera pansi kundende chifukwa cha dziko lino anasanduka chigawenga m'maso mwa chipani chawo chomwe. Anathawira ku Zambia, ndipo kwawo anakupondanso mu 1994. Zaka 30 zimenezo sanawalande ndi azungu ayi. Tinawalanda ndife.

Mayi Vera Chirwa anaona zoposa pamenepo: anathawira ku Tanzania, anagwidwa mu 1981 pamodzi ndi amuna awo a Orton, khoti la mafumu linawagamula kuti aphedwe, ndipo anatuluka mu 1993 amuna awo atafera kale m'ndende.

Mwana akangomva za 1959 osamva za 1964, akula akuganiza kuti nkhanza imachokera kunja kokha. Zimenezi ndi zimene zikundidetsa nkhawa, a Nduna.

Mayi Chibambo anatisiya mu 2016. Kumidzi kwatsala agogo ochepa amene ankagulitsa makadi a chipani, kuphikira misonkhano ndi kubisa anthu amene apolisi ankawasaka. Tumizani aphunzitsi ndi ophunzira a m'mayunivesite akawajambule mawu adakali moyo, ndipo zimene anene zilowe m'mabuku a pulayimale ndi sekondale.

Ine wanu,
Kholo la mwana wa sukulu