Tiziyang'anitsitsa makobidi tisanawataye

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za makobidi, omwe ambiri a ife tasiya kuwawerengera. Chifukwa cha kuchepa mphamvu kwa kwacha, makobidi a K1, K5 ndi K10 amene Reserve Bank of Malawi inatulutsa m'chaka cha 2012 angotsala m'zitini ndi m'madirowa, ndipo ogulitsa ena amachita kuwakana. Ine ndakhala ndikusonkhanitsa makobidi kwa zaka zambiri, kuyambira a 1971 okhala ndi nkhope ya Kamuzu Banda, ndipo ndikupempha owerenga anzanga kuti asanataye khobidi aziyamba aliyang'anitsitsa, pakuti ena mwa makobidiwa anachoka kofulira ali ndi zolakwika zimene zimawasiyanitsa ndi anzawo onse.

Khobidi limayamba ngati kachitsulo kozungulira kopanda chithunzi, ndipo makina amakapanikiza mwamphamvu pakati pa zidindo ziwiri, china cha kumaso china cha kumbuyo. Kachitsuloko kakakhala mopendekera, chithunzi chimathawira mbali imodzi n'kusiya mbali ina yosalala ngati mwezi wongooneka kumene. Chidindo chikang'aluka ndi ukalamba, chitsulo chimalowa mumng'alumo n'kusiya kamzere pakhobidi lililonse lodindidwa pambuyo pake. Nthawi zina chidindo chimodzi chimatembenuka, moti ukayerekeza makobidi awiri a chaka chimodzi, upeza kuti nkhwazi ya pa K1 kapena njovu ya pa K10 yayang'ana kosiyana ndi inzake.

Chimene ndikufuna kutsindika kwambiri ndi kusiyanitsa cholakwika cha kofulira ndi kuwonongeka kwa m'manja mwathu, chifukwa apa m'pamene ambiri amadzinamiza. Khobidi lopondedwa ndi galimoto, lomenyedwa ndi hamala, loboola kapena lodyedwa ndi dzimbiri m'nthaka si lachilendo ayi, ndi lowonongeka basi. Njira yodziwira ndi yosavuta. Kamzere kochokera ku chidindo chong'aluka kamakhala kotukuka, ndipo chala chimakamva ngati kamsempha, pamene kukalika kwa mpeni kapena msomali kumalowa m'kati ndipo kumatutumutsa chitsulo m'mbali mwa chilondacho. Kawirikawiri khobidi lomenyedwa limaphwatalala kuseri kwa malo omenyedwawo, chinthu chimene sichichitika likadindidwa mopendekera. Ine ndinasungapo khobidi lina kwa miyezi ingapo ndikukhulupirira kuti ndapeza chodabwitsa, koma nditaliyang'ana pa galasi lokulitsa zinthu ndinaona zipsera za mano a pulayala.

Abale athu okhala ku Britain ali ndi chitsanzo chodziwika bwino m'matumba mwawo. M'chaka cha 2008, Royal Mint, fakitale yofula makobidi a dzikolo, inasintha maonekedwe a makobidi ndipo pa khobidi la 20 pence inasamutsa chaka kuchoka kumbuyo kupita kumaso. Mwangozi, makobidi ena anadindidwa ndi chidindo chakale cha kumaso pamodzi ndi chatsopano cha kumbuyo, choncho anatuluka opanda chaka mbali zonse ziwiri, nalowa m'masitolo ngati chenje wamba. Ku America, makobidi ena a senti imodzi a 1955 ofulidwa ku Philadelphia ali ndi chaka ndi malemba ooneka pawiri, chifukwa chidindo chenichenicho chinapangidwa molakwika, ndipo osonkhanitsa makobidi amawafunafuna mpaka lero.

Sindikulonjeza munthu chuma. Zolakwika zambiri ndi zazing'ono ndipo mtengo wake ndi wochepa, kotero wina akakuuzani kuti khobidi lakale likulemeretsani mukangomupatsa kaye ndalama yoti akakupezereni wogula, muchenjere naye. Koma mukapeza khobidi lokayikitsa, musalikweche ndi phulusa, mchenga kapena sitiliwulu monga timachitira ndi mapoto, chifukwa kukwechako kumafafaniza zizindikiro zomwe zikanatsimikizira cholakwikacho. Ligwireni m'mphepete, mulikulunge m'kapepala kouma, ndipo muliyerekeze ndi lina la mtengo ndi chaka chomwecho.

Pomaliza ndikupempha inu Akonzi kuti mupatule kadanga m'nyuzipepala yathuyi kosindikizamo zithunzi za makobidi otere amene owerenga angatumize, mbali zonse ziwiri, kuti tizithandizana kuwazindikira ndi kusunga mbiri ya ndalama zathu zachitsulo zisanatheretu m'manja mwa anthu.

Wowerenga wanu,
Zomba