Kodi ndikamubisire dokotala kuti ndinadwalapo chifuwa chachikulu?

Okondedwa alangizi,

Ndine mayi wa zaka 36 ndipo ndimakhala mumzinda wa Blantyre. Ndalandira kalata yondiitana kuti mwezi wa Novembala chaka chino cha 2025 ndikaonekere ku ofesi ya kazembe wa dziko la America ku Lilongwe, komwe ine ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 11 tikafunsidwe mafunso tisanapatsidwe viza yokakhazikika m'dzikolo. Amuna anga ndi Mmalawi amene anapita kumeneko kukaphunzira, anakhazikika mumzinda wa South Bend m'chigawo cha Indiana, ndipo tsopano ndi nzika ya America. Tsiku la mafunso lisanafike tiyenera kukapimidwa ndi dokotala, ndipo pa nkhani ya kupimidwayi ndi pamene achibale akundilangiza kuti ndikabise chinthu chimene mtima wanga ukukana kubisa.

Njira yonse mpaka pano tayenda mwachilungamo. Amuna anga anatumiza ku boma la America mafomu awiri oitanira abale otchedwa I-130, yanga ndi ya mwana payokha. Mwanayu ndinabereka ndisanakwatiwe nawo, koma lamulo limamuwerengera ngati mwana wawo wowapeza poti ukwati wathu unamangidwa iye asanakwanitse zaka 18. Mafomuwo atavomerezedwa, nkhani yathu inapita ku National Visa Center, ofesi ya ku America yosonkhanitsa mapepala a ofuna viza, tinalipira madola 325 pa munthu aliyense ndi madola ena 120 a fomu yotsimikizira kuti pali wotisamalira, kenako ndinadzaza fomu yopemphera viza ya DS-260. Kalata ya ku polisi yosonyeza kuti ndilibe mlandu ndinatenga, ndipo mapasipoti ndi ziphaso za kubadwa zilipo.

Vuto langa linayamba kale, m'chaka cha 2017, pamene ndinadwala chifuwa chachikulu. Ndinatsokomola nthawi yaitali, ndinaonda, usiku ndinkatuluka thukuta, ndipo atapima makhololo anapeza matendawa. Ndinamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa, mayi anga ndi amene ankachonga pa khadi tsiku ndi tsiku, ndipo pomaliza achipatala anandiuza kuti ndachira, ngakhale anandichenjeza kuti m'mapapo mwatsala chipsera chimene chidzaonekabe nthawi iliyonse akadzandiunika pachifuwa. Kuyambira nthawi imeneyo sindinadwalenso. Koma khadi la mankhwala lija, kabuku kanga ka kuchipatala ndi khadi la kusikelo la mwana wanga, zonse zinapita ndi matope mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anagumula nyumba imene tinkachita lendi cha ku Chilobwe. Tinapulumuka ndi moyo, ndipo ndimathokoza Mulungu, koma lero ndilibe pepala lililonse losonyeza kuti ndinalandira mankhwala n'kuchira.

Ndawerenga mobwerezabwereza malamulo a kapimidwe amene anakhazikitsidwa ndi bungwe la zaumoyo la ku America la CDC. Munthu saloledwa kupita kwa dokotala amene wamukonda yekha, koma kwa yekhayo amene ofesi ya kazembe inamuvomereza. Dokotalayo amafunsa mbiri yonse ya matenda amene munthu anadwalapo, amapima thupi, amaona za katemera, amatenga magazi kuti aone chindoko kwa a zaka 18 mpaka 44, ndipo aliyense wa zaka 15 kupita m'tsogolo amaunikidwa pachifuwa. Chithunzi cha pachifuwacho chikaonetsa chizindikiro chilichonse chokayikitsa, ngakhale chipsera chakale, munthu amapereka makhololo m'mawa katatu pa masiku osiyana, ndipo makhololowo amawasunga ku labotale masabata asanu ndi atatu kuti aone ngati tizilombo timere. Tizilombo tikapezeka, viza imaima mpaka munthu atamaliza mankhwala, amene nthawi zambiri amatenga miyezi isanu ndi umodzi, ndipo amamwa mankhwalawo wachipatala akuona. Tikapanda kupezeka, munthu amaloledwa kupita, koma amamuika m'gulu limene amalitcha B1, zotsatira zake zimagwira ntchito miyezi itatu yokha m'malo mwa isanu ndi umodzi, ndipo akafika ku America amayenera kukaonedwanso ndi a zaumoyo a m'dera limene akukhala.

Alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga amenenso amakhala ku Indiana, akuti ndisayerekeze kutchula za matendawa. Pa foni anandiuza kuti: “Alamu, mapepala anapita ndi madzi, ndiye palibe amene angadziwe. Akakakufunsani mukangoti simunadwalepo, chifukwa azungu akangomva za TB amaganiza za kachilombo, ndipo mudzangoona chitseko chatsekedwa.” Ndinawayankha mwaulemu kuti ine ndinayezetsa ndipo ndilibe kachilombo ka HIV, komanso kuti ngakhale ndikanakhala nako sichikanakhala chifukwa chondikanizira, poti dziko la America linachotsa HIV pa mndandanda wa matenda oletsa munthu kulowa m'dzikolo mu Januwale 2010. Iwo sanakhutire. Akuti malamulo olembedwa ndi ena, zochitika m'maofesi ndi zina, ndipo ine amene sindinakwerepo ndege sindingawaphunzitse za dziko limene akhalamo zaka zambiri.

Chimene chikundilemera kwambiri n'chakuti alamu omwewa ndi amene atithandiza kuti nkhani yathu ifike pamene yafikapa. Lamulo limafuna kuti woitana abale akhale ndi malipiro opitirira mlingo wa umphawi wa kumeneko, kufika pa 125 peresenti ya mlingowo malinga ndi kukula kwa banja, ndipo poti amuna anga anakhala miyezi ingapo asali pa ntchito chaka chatha, malipiro awo okha anaperewera. Alamu anavomera kusaina fomu yawo ya I-864, ija yotsimikizira kuti pali wotisamalira, monga wothandizira wachiwiri, ndipo kusaina kumeneku ndi lonjezo kwa boma limene lingawamange zaka zambiri. Sindikufuna kuoneka ngati munthu wosayamika, amene walandira thandizo ndi manja awiri koma malangizo wawaponya kunkhongo. Amuna anga poyamba anali kumbali yanga, koma masiku ano ayamba kunena kuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo akufunsa chifukwa chimene ndikufunira kudziputira masabata asanu ndi atatu a kudikira pamene takhala motalikirana zaka zonsezi.

Ine maganizo anga ndi awa, ndipo ndikupempha kuti mundiuze ngati ndikulakwitsa. Bodza limene akundiuzali silingandipulumutse n'komwe ku kudikirako, chifukwa chimene chidzachititse dokotala kufuna makhololo ndi chipsera chimene makina adzachione, kaya ndayankhula kaya ndakhala chete. Ndikakana kuti sindinadwalepo, kenako chithunzi n'kuonetsa mapapo a munthu amene anadwalapo, ndidzakhala ndadzichotsera ndekha chikhulupiriro pamaso pa dokotala amene lipoti lake likupita kwa ofesala wondifunsa mafunso. Pa tsiku la mafunso munthu amakweza dzanja n'kulumbira kuti zonse zimene wanena ndi kulemba n'zoona, ndipo lamulo la olowa m'dziko la America limati wopezeka kuti ananama dala pa chinthu chofunika kuti apeze viza akhoza kuletsedwa kulowa m'dzikolo moyo wake wonse. Sindikuona nzeru yoika pachiswe tsogolo la banja lonse pofuna kuthawa miyezi iwiri. Komanso, kunena zoona, ine ndikufuna kudziwa. Ndinaona mmene matendawa anandifooketsera, ndipo ngati pali kanthu kamene kanatsalira m'chifuwa mwanga, ndi bwino kapezeke ndili kuno pafupi ndi mayi anga kusiyana ndi kukapatsira amuna anga ndi mwana wanga m'nyumba yotseka mazenera m'nyengo yachisanu.

Ngati mukugwirizana nane kuti ndikanene zoona, ndithandizeni pa nkhani ya umboni. Ndikukumbukira kuti kuchipatala chimene ndinkalandirako mankhwala ankalemba dzina la wodwala aliyense m'kaundula wa TB ndi kumupatsa nambala. Kodi ndi koyenera kuti ndipite kwa woyang'anira za TB pachipatalapo kukapempha kalata yofotokoza chaka chimene ndinadwala, mankhwala amene ndinamwa ndi zotsatira zomaliza? Nanga kalata yotero iyenera kusainidwa ndi yani kuti dokotala wa ku viza akailemekeze? Ndikuganizanso zokaunikitsa pachifuwa pandekha kuno ku Blantyre ndisanapite, osati kuti chithunzicho chikalowe m'malo mwa chawo, koma kuti mtima wanga ukhale wokonzeka, ndipo ndikufunsa ngati kumeneku si kungotaya ndalama pa nthawi imene zinthu zakwera chonchi.

Za mwana wanga zikundidetsanso nkhawa. Anali ndi zaka zitatu pamene ndinkadwala, tinkagona chipinda chimodzi, ndipo achipatala anamupatsa mankhwala oteteza amene amapatsidwa ana osakwana zaka zisanu okhala ndi wodwala chifuwa chachikulu. Pa msinkhu wake sadzayamba ndi kuunikidwa pachifuwa, koma adzamutenga magazi kuti aone ngati thupi lake linakumanapo ndi tizilomboti, ndipo magaziwo akasonyeza choncho ndi pamene adzamuunike. Apanso ndi pamene ndikuona kuti bodza langa lingapweteke mwana, chifukwa dokotala amene sakudziwa mbiri ya m'nyumba mwathu sangamvetse bwino zotsatira zake. Pa za katemera, mwanayu analandira zonse za kusikelo, koma khadi palibe, ndipo mndandanda wa ku America uli ndi akatemera ena amene ana a kuno salandira m'zipatala za boma, monga wa katsabola ndi wa matsagwidi. Ndawerenga kuti munthu sakakamizidwa kumaliza jakisoni zonse asananyamuke, koma kulandira zimene zikuyenera pa tsiku la kupimidwa, zotsalazo n'kukamalizira komweko. Kodi ndiyambe ndapita kusikelo kumene ankalandirira katemera kukafufuza ngati zolemba zake zilipo, kapena ndingomusiya abayidwenso zonse?

Chinanso ndi kayendetsedwe ka nthawi. Makhololo akafunika, zotsatira sizingatuluke tsiku la mafunso lisanafike. Ndamva kuti munthu akhoza kukafunsidwabe, ofesala n'kumupatsa pepala la gawo 221(g) losonyeza kuti viza yaimitsidwa kaye mpaka lipoti la dokotala litafika. Kodi ndi bwino kupita pa tsiku limene anandipatsa, kapena kupempha kuti alisinthe, pamene sindikudziwa kuti tsiku lina lidzapezeka liti? Ndipo ngati mwana wapezeka wopanda vuto, miyezi yake isanu ndi umodzi idzakhala ikutha ine ndikudikirabe, kotero kuti masiku amene tonse awiri tingathe kunyamukira limodzi adzakhala ochepa. Amuna anga akufuna kugula matikiti a ndege tsopano kuti tikadyere limodzi Khirisimasi, koma malangizo a ofesi ya kazembe amanena poyera kuti munthu asasiye ntchito, asagulitse katundu, ndipo asagule tikiti viza isanalowe m'pasipoti. Kuntchito kwanga sindinanene kanthu, ndipo mwana ndamulipirira teremu yonse.

Pa mafunso enieniwo, chimodzi chokha n'chimene chikundizunguza. Chinkhoswe chathu chinachitika mu 2022, ankhoswe a mbali zonse ziwiri alipo, ndipo kwa ine ndi kwa makolo anga ukwati unayamba tsiku limenelo, monganso lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa mwambo. Koma setifiketi imene tinatumiza ndi ya kwa DC, ya Januwale 2024. Kusiyanaku kuli ndi tanthauzo, chifukwa wolowa m'dzikolo ukwati wake usanakwanitse zaka ziwiri amapatsidwa green card, chiphaso chokhalira ku America, ya zaka ziwiri zokha yokhala ndi malire, pamene wopitirira zaka ziwiri amalandira ya zaka khumi. Ofesala akandifunsa kuti tinakwatirana liti, ndikufuna kutchula zonse ziwiri ndi kufotokoza mwambo wathu, koma ndikuopa kuti angaganize kuti ndikudzitsutsa. Kodi nditenge zithunzi za pachinkhoswe zimene zinatsala m'foni, kalata ya ankhoswe, malisiti a ndalama zimene amuna anga amatumiza, ndi mauthenga athu a pa WhatsApp? Nanga bambo ake omubereka mwanayu, amene anatisiya iye ali wakhanda, ndiyenera kuwafunafuna kuti alembe kalata yovomereza kuti mwana atuluke m'dziko?

Kuyambira pamene zinamveka mu Ogasiti 2025 kuti Amalawi ndi anthu a ku Zambia ofuna viza ya ulendo wokacheza kapena wa bizinesi azipereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, anthu ambiri akhala akundiopseza kuti inenso ndikalipira, ngakhale kuti chikolecho sichikhudza viza yokakhazikika. Dobadoba wina mpaka anandiimbira foni n'kunena kuti ali ndi anzake m'kati amene angakonze lipoti la dokotala ndikamupatsa ndalama, ndipo ndinamukanira pomwepo. Koma kukanira mlendo n'kosavuta. Chimene ndikupempha koposa zonse, alangizi, ndi mawu amene ndingawauze nawo amuna anga ndi alamu anga kuti ndikanena zoona kwa dokotala, mwa njira yoti alamu asamve kuti ndawanyoza ndipo asabweze dzanja lawo pa fomu ija. Kodi ndiyankhule nawo ndekha, ndidutsire kwa amuna anga, kapena ndipemphe ankhoswe kuti alowererepo tsiku lokapimidwa lisanafike?

Ine wanu,
Mayi wa nkhawa,
Blantyre.